Chilembo Chofiira ndi Chigaza cha ku Manda

Pa maliro pamamveka mau a mitundu iwiri. Pali mau omveka poyera: nyimbo za amayi a Chigwirizano, uthenga wa amfumu, ulaliki wa abusa kapena wa mkulu wa mpingo. Koma palinso mau ena oyenda chamunsimunsi, kuseri kwa siwa ndi pa moto wa adzukulu. Wina afunsa kuti, “Kodi malemuwa anali kudya Mgonero, kapena anali odulidwa?” Wina ati, “Nanga chawatenga n'chiyani kwenikweni?” Wachitatu sayankha kanthu, angogwedeza mutu monga munthu wodziwa zambiri. Mtembo usanatuluke m'nyumba, mlandu wa womwalirayo wazengedwa kale ndipo chigamulo chaperekedwa, mwini wake osapatsidwa mpata wodziyankhira.

Khalidwe limeneli si la kwathu kuno kokha, ndiponso silinayambe lero. Alembi otchuka a m'maiko ena analiona pakati pa anthu a kwao, nalilemba momveka kotero kuti mabuku awo akuwerengedwabe ngakhale eni ake anagona kale. Ana athu amakumana ndi ena mwa mabukuwa ku sekondale ndi ku koleji, ndipo kawirikawiri amawawerenga pongofuna kupambana mayeso, pamene ife makolo timawayesa nthano zopanda phindu pa moyo wa Mkhristu. M'nkhani ino tione mabuku asanu, ndipo tiyang'ane makamaka zizindikiro zimene zili m'menemo. Chizindikiro ndi chinthu chooneka ndi maso chimene chimanena zambiri popanda mau. Munthu wa panjinga akapeza masamba aawisi atayalidwa pa msewu safuna womuuza; amatsika navula chipewa, pakuti masambawo amuuza kale kuti m'mudzimo muli zovuta. Momwemonso m'mabuku amenewa muli chilembo, chigaza, manda a kumphepete ndi thumba lakuda, ndipo zonsezi zikufunsa funso limodzi: kodi mau otsiriza pa moyo wa munthu ali ndi yani?

NDENDE NDI MANDA

Buku loyamba ndi The Scarlet Letter, ndiko kunena kuti chilembo chofiira, lolembedwa ndi Nathaniel Hawthorne wa ku America ndi kusindikizidwa m'chaka cha 1850. Nkhani yake ikuchitikira ku Boston pakati pa 1642 ndi 1649, pamene mzindawo unali kamudzi ka anthu osamuka ku England otchedwa Apuritani. Anthu amenewa ndi abale athu pa chikhulupiriro: anali otsata chiphunzitso cha John Calvin, okonda Baibulo ndi osunga Sabata, ndipo anawoloka nyanja pofuna kumanga mudzi woopa Mulungu. Koma Hawthorne akuyamba buku lake potikumbutsa kuti omanga mudzi watsopano, ngakhale maloto awo akhale okoma chotani, sachedwa kupatula malo awiri, ena a manda ndi ena a ndende. Imfa ndi chiweruzo zimafika pamodzi ndi anthu oyamba.

Pa khomo la ndendeyo pakutuluka mayi wachitsikana, Hester Prynne, atanyamula khanda la miyezi itatu. Mwamuna wake anamutsogoza ku America, ndipo kwa zaka ziwiri sanamveke konse. Tsono mwanayo ndi umboni wa chigololo. Amayi a mumzinda aima panja kukambirana. Wina akuti akanamuotcha pamphumi ndi chitsulo chamoto, wina akuti akanangomupha monga mwa lamulo. Mmodzi yekha, mayi wamng'ono wogwira mwana pa dzanja, akunena motsitsa kuti ngakhale Hester ataphimba chilembocho, ululu wake sudzachoka mumtima. Chilango chimene akuluakulu agamula ndi ichi: aime pa nsanja ya pamsika kwa maola atatu pamaso pa anthu onse, ndipo moyo wake wonse avale pachifuwa chilembo cha A cha nsalu yofiira, chimene ndi chilembo choyamba cha liu lachingerezi lotanthauza chigololo.

Hawthorne sanangopeka zimenezi. M'chaka cha 1644 anthu awiri, Mary Latham ndi James Britton, ananyongedwadi ku Boston pa mlandu wa chigololo, ndipo mu 1694 dera la Massachusetts linakhazikitsa lamulo lakuti opezeka ndi mlanduwu azivala chilembo cha A pa zovala zawo. Mlembiyo anali ndi chifukwa chakechake chovutikira ndi mbiri imeneyi, pakuti kholo lake, John Hathorne, anali mmodzi wa oweruza milandu ya ufiti ku Salem mu 1692, pamene anthu 19 ananyongedwa.

Chilembo chija chinagwira ntchito ya manda munthu akali moyo. Hester anakakhala m'kanyumba ka kunja kwa mzinda, ana ankamugenda ndi matope, ndipo akalowa m'tchalitchi ankapeza kuti ulaliki wa tsikulo ukunena za iye. Anadzisunga yekha ndi mwana wake Pearl ndi ntchito yosoka ndi kupeta nsalu. Luso lake linafunika ndi onse: anasoka zovala za bwanamkubwa, za makanda, ndi nsalu zokulungira maliro. Chimodzi chokha sanamupatse kuti asoke, ndicho velo loyera la mkwatibwi. Anthu analandira ntchito ya manja ake, koma iye mwini sanamulandire.

Komabe pamene zaka zisanu ndi ziwiri zinapita, tanthauzo la chilembocho linayamba kusintha. Pa nyumba iliyonse pamene panagwa matenda kapena maliro, woyamba kufika anali Hester, ndipo zinthu zikayamba kukhala bwino ankachoka osadikira zikomo. Ambiri anayamba kunena kuti A uja akuimira liu lina loyamba ndi chilembo chomwecho, lotanthauza munthu wokhoza. Nsalu inali yomwe ija, koma moyo wa woivala unaipatsa tanthauzo lina.

AMENE ANALIBE CHILEMBO

Nanga atate wa mwanayo anali kuti? Tsiku lija la pa nsanja, akuluakulu anapempha mbusa wachinyamata wokondedwa ndi onse, Arthur Dimmesdale, kuti adandaulire Hester atchule mnzake wochimwa naye. Mbusayo anadandauliradi ndi mau ogwira mtima, koma Hester anakana. Atate wa mwanayo anali mbusa yemweyo.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dimmesdale anakhalabe pa guwa zaka zisanu ndi ziwiri, ulemu wake ukukulirakulira, thupi lake likufota. Ankasala kudya, ankachezera usiku, ankadzikwapula m'chipinda, ndipo dzanja lake silinkachoka pachifuwa. Kangapo ananena pa guwa kuti iye ndi wochimwa woposa onse, koma popeza sanatchule tchimolo, anthu anangoti, “Taonani kudzichepetsa kwa munthu wa Mulungu!” Iye ankadziwa kuti adzamva chomwecho, motero ngakhale kuvomereza kwakeko kunasanduka bodza lina. Pamwamba pa izi, mwamuna wa Hester anali atafika mumzindamo, nadzitcha Roger Chillingworth, nakhala sing'anga wa mbusayo m'nyumba imodzi, kumzunza pang'onopang'ono pofuna kubwezera.

Mlandu suola. Atangolalikira ulaliki wake wopambana onse, pa tsiku la chikondwerero cholonga bwanamkubwa, Dimmesdale anakwera pa nsanja ija masana, nagwira dzanja la Hester ndi la Pearl, naulula tchimo lake, nang'amba chovala cha pachifuwa pake, namwalira pomwepo. Ambiri anachitira umboni kuti anaona chilembo cha A pa khungu lake lenilenilo. Koma ena amene analipo anakanitsitsa kuti sanaone kanthu, nati abusa anangochita fanizo pofuna kuphunzitsa anthu. Anthu omwewo amene sanachedwe kukhulupirira choipa cha mayi wosauka, anakana kukhulupirira choipa cha munthu wolemekezeka ngakhale atachinena ndi pakamwa pake.

Buku likutha kumene linayambira, ku manda. Hester atamwalira ali wokalamba, anamuika pafupi ndi Dimmesdale, koma anasiya mpata pakati pa manda awiriwo, ngati kuti ngakhale fumbi lawo siliyenera kukhudzana. Mwala wa pamanda unali umodzi, wakuda, ndipo pamenepo panali chilembo chofiira chija.

Tisafulumire kunena kuti izi zinali za ku America. M'matchalitchi a Chipresibiteriyani a ku Scotland, dziko limene linatumiza amishoni a ku Livingstonia mu 1875 ndi a ku Blantyre mu 1876, munkakhala mpando wa olapa, pamene wochimwa ankakhala pamaso pa mpingo kuti adzudzulidwe. Ngakhale mlakatuli wamkulu wa dzikolo, Robert Burns, anaimirira pamaso pa mpingo wa ku Mauchline masabata atatu m'chaka cha 1786 pa mlandu wa mimba ya Jean Armour. Mbiri imeneyi ndi ya banja lathu lomwe.

ADZUKULU A M'SEWERO LA HAMLET

Hester anaweruzidwa ali moyo. William Shakespeare akutionetsa mtsikana woweruzidwa atafa. M'sewero la Hamlet, lolembedwa cha m'ma 1600, Ophelia wasokonezeka mutu chifukwa Hamlet, mwana wa mfumu ya ku Denmark amene ankamukonda, wapha atate wake. Tsiku lina nthambi inathyoka, iye nagwera mumtsinje, ndipo sanayesere kudzipulumutsa. Kodi inali ngozi, kapena anadzipha? Funso limeneli linali lalikulu, pakuti ku England wodzipha sankaikidwa m'manda a tchalitchi. Kufikira chaka cha 1823 ankatha kukwiriridwa pa mphambano za misewu, atabayidwa ndi chikhomo.

Amene akukambirana mlanduwu si maloya kapena abusa ai, koma adzukulu awiri okumba manda, ndipo monga adzukulu a kulikonse, akukumba akuseka ndi kuyimba. Mmodzi akunena mosabisa kuti mtsikanayu akanakhala wosauka sakanaikidwa mwachikhristu. Maliro atafika, wansembe akuvomereza zomwezo: mwambo waufupikitsa, ndipo pakanapanda lamulo la mfumu, mtemboyo ukanaikidwa kunja ndi kuponyeredwa mapale ndi miyala m'malo mwa mapemphero. Mlongo wa malemu, Laertes, akumuyankha mokwiya kuti mtsikanayo adzakhala ngati mngelo pamene wansembe wouma mtimayo adzakhala akulira m'chilango. Shakespeare satiuza amene walondola. Iye akungotionetsa kuti chiweruzo cha anthu chimaopa nkhope ndi chuma.

Malirowo asanafike, khasu la mdzukulu likufukula zigaza, ndipo Hamlet akuima kuziyang'ana. Ichi, akutero, mwina chinali cha wandale wochenjera. Icho cha nduna yodziwa kupereka moni kwa mafumu. China cha loya, nanga machenjera ake ali kuti tsopano pamene munthu wamba akumgogoda m'mutu ndi fosholo? Kenaka akumupatsa chigaza cha Yorick, wanthabwala wa ku nyumba ya mfumu, amene wagona m'nthaka zaka 23, yemwe ankamubereka Hamletyo ali mwana. Pamenepo nthabwala zikutha, chifukwa imfa yaleka kukhala ya anthu osawadziwa. Hamlet akulingalira kuti ngakhale Alexander, amene anagonjetsa maiko, anasanduka dothi, ndipo dothilo likhoza kumatira chiboo cha mbiya ya mowa.

Tanthauzo la chigaza ndi lakuti palibe angathe kuzindikira cha woweruza pakati pa za oweruzidwa. Zonse zifanana, monga Mlaliki 3:20 atiphunzitsa. Wansembe uja akukangana za mwambo woyenera mtsikana, ataima pa dothi lodzala ndi mafupa a anthu amene nawonso ankakangana chomwecho.

MANDA A KUMPHEPETE

Papita zaka pafupifupi mazana atatu kuchokera pa Hamlet, Thomas Hardy wa ku England akupeza kuti mpanda wa ku manda ukadalipo. M'buku lake la Tess of the d'Urbervilles la mu 1891, Tess ndi mwana wa banja losauka, amene makolo ake amutumiza kukagwira ntchito kwa anthu achuma. Mnyamata wa pa nyumbayo, Alec, akumuchimwira, ndipo Tess akubwerera kwao ali ndi pakati. Khandalo likudwala mwakayakaya usiku, koma atate wa Tess akukhoma chitseko, kukana kuti mbusa alowe ndi kuona manyazi a banja. Poopa kuti mwana wake afa wosabatizidwa, Tess akudzutsa abale ake aang'ono, akuyatsa kandulo, akumubatiza yekha, namutcha dzina lotanthauza Chisoni.

Mwanayo atamwalira, Tess akupita kwa mbusa. Mbusayo akugwidwa chifundo, namuuza kuti ubatizowo uli chimodzimodzi ndi wake. Koma kumuika mwachikhristu akukana. Motero khandalo likuikidwa usiku ndi kuwala kwa nyali, mlonda wa tchalitchi atapatsidwa shileni imodzi ndi mowa, pa ngodya ya manda yomera zitsamba zoyabwa, pamene amaikapo makanda osabatizidwa, zidakwa ndi odzipha. Tess akumanga kamtanda ndi timatabwa tiwiri ndi chingwe, naika maluwa m'kabotolo ka jamu. Alec sakufunsidwa ndi munthu aliyense.

Pambuyo pake Tess akukwatiwa ndi Angel Clare, mwana wa mbusa. Usiku wa ukwati Angel akuulula kuti anachimwapo ndi mkazi wina ku London, ndipo Tess akumukhululukira nthawi yomweyo. Koma iye ataulula zake, mwamunayo akumusiya napita ku Brazil. Umphawi ukumubwezera Tess m'manja mwa Alec, ndipo potsiriza akumupha Alecyo. Kunyongedwa kwake sitikuona. Tikungoona mbendera yakuda ikukwera pamwamba pa ndende, chizindikiro chakuti lamulo lamaliza ntchito yake. Hardy sanena kuti kupha munthu n'kwabwino. Akutifunsa kuti, mwa onse amene anamkankhira pa njira imeneyo, n'chifukwa chiyani mbendera yakwerera iye yekha?

Kuno ku Africa, Chinua Achebe wa ku Nigeria analemba za malo otere m'buku la Things Fall Apart la mu 1958. Midzi ya Aigbo inali ndi nkhalango yoopedwa kumene ankatayako mapasa, akufa ndi nthenda yotupa mimba, ndi anthu osalidwa otchedwa osu. Atate wa Okonkwo anafera kumeneko, ndipo Okonkwo mwini, amene anatha moyo wake wonse akuthawa manyazi a atate wake, anadzimangirira, kotero kuti abale ake sanathe kukhudza mtembo wake, nachita kupempha alendo kuti amutsitse. Koma m'bukumo muli chinthu chimene Mkhristu ayenera kuchisunga. Alaliki oyamba atapempha malo ku Mbanta, akuluakulu anawapatsa mbali ya nkhalango yoopedwayo poganiza kuti afa pasanathe masiku anai. Tchalitchi linamangidwa pomwepo, ndipo amene anayamba kulowamo anali anthu onyozeka, mayi wobereka mapasa, ndi osu aja. Akhristu ena atanyansidwa nawo, mphunzitsi Kiaga anakana kuwatulutsa. Achebe sabisa zolakwa za amishoni ndi atsamunda, komabe akuchitira umboni kuti mpingo unayamba pa malo otayira anthu.

WOWERUZA AFIKA PA MLANDU WAKE

Kufikira pano taona oweruzidwa. Leo Tolstoy wa ku Russia, m'buku lake lalifupi la mu 1886 lonena za imfa ya Ivan Ilyich, akutitengera pa kama wa woweruza mwini. Ivan anali jaji wa bwalo lalikulu, munthu wopanda mbiri yoipa, amene moyo wake wonse anachita zimene anthu apamwamba amayesa zoyenera. Nkhani ikuyamba iye atamwalira ali ndi zaka 45. Anzake a ku ntchito atamva uthengawo, choyamba kulingalira n'chakuti ndani akwezedwa pa mpando wake. Mnzake wa pamtima akupita kukapepesa maliro mtima uli ku masewero a makadi a madzulo amenewo, ndipo mkazi wamasiye akumukokera pambali kumufunsa njira yopezera ndalama zochuluka ku boma.

Matenda ake anayamba ndi kanthu kakang'ono. Pokonza nyumba yatsopano imene ankanyadira, anaterereka pa makwerero akuonetsa mmisiri kapachikidwe ka makatani, nadzigunda m'nthiti. Atapita kwa dotolo wotchuka anazindikira chinthu chowawa: dotoloyo ankalankhula naye monga momwe iye ankalankhulira ndi oimbidwa mlandu, mwaulemu koma mosasamala za munthuyo. Ivan ankafuna kudziwa ngati akhala ndi moyo, pamene dotolo ankangofuna kugamula ngati vuto lili mu impso kapena m'matumbo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Onse a m'nyumba ankanamizira kuti achira, ndipo bodza limeneli linamuzunza koposa ululu. Mmodzi yekha sananame, ndiye Gerasim, mnyamata wantchito wochokera ku mudzi, amene ankamutayira zonyansa mosanyinyirika, nasenza miyendo ya bwana wake pa mapewa usiku wonse kuti ululu uchepe. Iye ankati tonse tidzafa, tsono palibe chifukwa chokanira kuvutikira mnzako pang'ono.

M'masiku otsiriza Ivan ankamva ngati akukankhidwira m'thumba lakuda, lopapatiza ndi lakuya, ndipo sankatha kulowamo kapena kutulukamo. Chimene chinamukola chinali kudzilungamitsa: ankaumirira kuti moyo wake unali wabwino popeza anthu onse ankauvomereza. Anakuwa masiku atatu. Potsiriza dzanja lake linagwera pa mutu wa mwana wake wamwamuna, mwanayo naligwira, nalipsompsona akulira. Pamenepo Ivan anavomereza kuti moyo wake sunali monga unayenera kukhalira, anamvera chisoni mwanayo ndi mkazi wake, nayesa kupempha chikhululukiro. Mantha a imfa anachoka, ndipo kunsi kwa thumba lija anaona kuwala. Munthu amene anthu anamupeza wosalakwa anafunika chifundo chomwecho chimene Hester ndi Tess anachisowa.

NANGA CHILANGO CHA MPINGO?

Wina adzati, kodi mabuku amenewa sakutiphunzitsa kupeputsa tchimo? Kunena zoona, si alembi onsewa anali okhulupirira monga ife. Hardy anataya chikhulupiriro cha ubwana wake, ndipo Tolstoy anachotsedwa mu mpingo wa Orthodox mu 1901, naikidwa mu 1910 popanda mwambo wa tchalitchi. Sititenga chiphunzitso chathu kwa iwo. Koma wamisala anaona nkhondo. Ndipo chimene iwo anaona, Malembo anachinena kale.

Chilango cha mpingo n'chofunika. Chivomerezo cha ku Scotland cha mu 1560 chimachiwerengera pamodzi ndi kulalikira Mau ndi kupereka masakramenti monga zizindikiro zitatu za mpingo woona. Koma Chivomerezo cha Westminster, pa mutu 30, pofotokoza zolinga za chilango chimayamba ndi kubweza mbale wolakwayo, ndipo Katekisma wa Heidelberg, pa funso 85, amanena za kumulandiranso akaonetsa kusintha. Paulo analangiza Akorinto kuti munthu wolangidwa amukhululukire ndi kumutonthoza, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni (2 Akorinto 2:6-8). Chilango chili ndi tsiku lotha. Chimene sichitha ndi chilembo chimene ife timasokerera pa munthu ndi malilime athu, ngakhale akulu a mpingo atamubwezera kale pa gome la Ambuye. Pamene Mulungu anaika chizindikiro pa Kaini, wakupha mbale wake, anachiika kuti chimuteteze (Genesis 4:15). Ife timaika zathu kuti oponya miyala asaphonye.

Tidzifunse tsono. Mtsikana akatenga mimba ya pathengo, thupi lake limamuulula, ndipo amaonekera pa bwalo la mpingo. Nanga mnyamata kapena bambo uja timamufunafuna ndi changu chomwecho? Lamulo la Mose linatchula onse awiri (Levitiko 20:10), koma amene anabwera naye kwa Yesu pa Yohane 8 anali mkazi yekha. Kodi mwana wa munthu wopereka zambiri ndi mwana wa mayi wamasiye timawayesa ndi muyeso umodzi? Ndipo banja likataya mwana wodzipha, kodi timafika pa siwa msanga monga tichitira pa maliro ena, kapena timaima patali? Za mwambo wa maliro otere, malongosoledwe a mpingo alipo ndipo akulu athu amawatsata. Koma palibe lamulo loletsa Mkhristu kutunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kugona pa maliro. Maliro n'kulirana. Zimene zinachitika pakati pa munthuyo ndi Mlengi wake pa mphindi yotsiriza sizili m'kaundula wa mpingo.

Inu makolo, atate wa Tess anakhoma chitseko poopa manyazi, ndipo mdzukulu wake anafa kuseri kwa chitsekocho. Mwana wanu akalakwa mudzudzuleni ndithu, koma adziwe kuti pakhomo mpake. Ana ambiri amene amachotsa mimba mobisa kapena kumwa mankhwala akupha sathawa Mulungu, amathawa maso athu. Inunso achinyamata, phunzirani kwa Dimmesdale kuti tchimo lobisika limadya munthu koposa manyazi a poyera. Ngati mwasenza chinthu cholemera, kaya ndi tchimo, kaya ndi choipa chimene wina anakuchitirani, kaya ndi maganizo ofuna kutaya moyo, musachisenze nokha. Uzani kholo, abusa, mlangizi kapena a chipatala lero lomwe.

PA MALO A CHIGAZA

Zizindikiro zonsezi zimakumana pa phiri limodzi. Ambuye wathu anavekedwa chovala chofiira ndi asilikali omunyoza (Mateyu 27:28). Anatulutsidwa kunja kwa chipata cha mzinda, kumene amafera otembereredwa (Ahebri 13:12), ku malo otchedwa Gologota, ndiko kunena kuti malo a chigaza. Pamwamba pa mutu wake panakhomedwa chikwangwani cha mlandu wake m'zilankhulo zitatu, kuti wodutsa aliyense awerenge. Bwalo la chipembedzo, bwalo la boma ndi khamu la anthu, onse anagwirizana pa chigamulo chimodzi, ndipo onse analakwa. Akanatayidwa pamodzi ndi achifwamba, koma Yosefe wa ku Arimateya, mmodzi wa bwalo lomwe lija, analimba mtima napempha mtembo, naupatsa manda ake. Pa tsiku lachitatu Mulungu anaphwanya chigamulo cha anthu.

Chifukwa chake mtanda, umene unali chizindikiro cha imfa ya manyazi, lero timauika pa manda a okondedwa athu monga chizindikiro cha chiyembekezo. Mau otsiriza ali ndi Iye amene anaweruzidwa m'malo mwathu, ndipo tonse tidzaonekera pa mpando wake (2 Akorinto 5:10), odulidwa ndi odula omwe. Podziwa ichi, tikadzapezekanso kuseri kwa siwa, manong'onong'o aja atayamba, tiyeni tidzanyamuke, tikakhale pafupi ndi ofedwa.